Masamu a pa Nkoloko

Ana inu, tamverani. Basi ikanyamuka ku Petauke pa 11 koloko ndi kuyenda maola awiri, ifika ku Nyimba pa 1 koloko. Motero pa nkoloko, 11 kuonkhetsa 2 ndi 1. Manambala khumi ndi awiriwa akatswiri a masamu amawacha gulu. Mukaonkhetsa awiri alionse, yankho lipezeka pa nkoloko pomwepo.

Tsopano tengani 3, 6, 9 ndi 12. Onkhetsani awiri alionse. Simudzaturuka mwa anaiwo. Kameneka ndiko kagulu ka m'kati.

Magulu akuluakulu amafufuzidwa pa kompyuta ndi programu ya GAP, imene inayambidwa ku Aachen mu 1986.

Aphunzitsi, musawauze mayankho. Jambulani nkoloko pabolodi kuti ana apeze okha timagulu tina.