AKATSWIRI A ZA MAGANIZO ABWERERA M'KALASI

M'mudzi uliwonse mumapezeka munthu wamkulu amene amadziwika ndi kusakhazikika kwake. Amayamba kusosa munda, koma asanafike pakati wathamangira kukamweta udzu wofolera nyumba. Denga lisanathe wayamba kuumba njerwa. Khasu amaliiwala kudimba, buku la kuchipatala amalisiya m'minibasi, ndipo pabwalo la mfumu amadula anzake pakamwa ngakhale akudziwa kuti kutero n'kupanda mwambo. Achibale amati ndi waulesi, ena amati analodzedwa, enanso amamunamizira kuti amasuta chamba. Mwini wake amangodziimba mlandu, osadziwa chimene chimamulepheretsa kuchita zinthu zimene anzake amachita mosavuta.

Madokotala masiku ano akudziwa kuti ena mwa anthu otere ali ndi vuto la mu ubongo limene linayamba iwo ali ana. Vutoli limatchedwa ADHD, chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kutakataka kopyola muyeso ndi kuchita zinthu mopupuluma. Kwa zaka zambiri linkayesedwa vuto la ana okhaokha. N'chifukwa chake akatswiri a za maganizo ku America ndi ku Ulaya, ena a imvi kumutu, akubwerera m'kalasi kukaphunzira kulizindikira mwa akuluakulu, ndiponso kukadziwa za chithandizo chatsopano choperekedwa kudzera pa foni ndi pa kompyuta.

VUTO LAKALE, NZERU ZATSOPANO

Kusakhazikika maganizo sikunabwere ndi mafoni ayi. M'chaka cha 1798 dokotala wa ku Scotland, Alexander Crichton, analemba za anthu amene maganizo awo amabedwa ndi kaphokoso kalikonse, ngakhale kuuwa kwa galu. M'chaka cha 1902 George Still, dokotala wa ana ku London, anafotokoza za ana 43 amene ankalephera kudziletsa ngakhale kuti ambiri a iwo anali a nzeru zawo bwinobwino. M'chaka cha 1937 Charles Bradley wa ku Rhode Island, m'dziko la America, anaona kuti mankhwala a Benzedrine, omwe amagalamutsa ubongo, anathandiza ana ena kukhazikika ndi kuchita bwino m'kalasi. Mankhwala a methylphenidate, odziwika ndi dzina lakuti Ritalin, anapangidwa ku Switzerland m'chaka cha 1944.

Dzina lakuti ADHD linalowa m'buku la madokotala a ku America la matenda a m'maganizo m'chaka cha 1987. Ambiri pa nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti mwana akakula vutoli limatha lokha. Koma ofufuza amene anatsatira ana otere mpaka kukula kwawo anapeza kuti ambiri amakula nalo. Chimene chimachepa ndi kudumphadumpha ndi kukwera mitengo. Kuiwalaiwala, kuzengereza ndi kupupuluma zimatsalira. M'chaka cha 2008 bungwe la NICE, lomwe limalangiza madokotala a ku Britain, linatulutsa malangizo okhudzanso odwala akuluakulu, ndipo m'chaka cha 2013 buku la ku America lija linakonzedwa kuti kuyeza akuluakulu kusavute.

Kafukufuku wa m'maiko ambiri akusonyeza kuti pafupifupi ana 5 mwa 100 aliwonse, ndi akuluakulu awiri kapena atatu mwa 100 aliwonse, ali ndi vutoli. Bungwe la boma la America loona za matenda, la CDC, linalengeza m'chaka cha 2024 kuti akuluakulu okwana 15.5 miliyoni m'dzikolo anapezeka nalo, ndipo oposa theka la iwo anadziwa zimenezi atakula kale.

Vutoli limayenda kwambiri m'magazi. Kafukufuku wa ana amapasa wasonyeza kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kusiyana kwa anthu pa nkhaniyi amachokera ku mtundu. Kubadwa masiku asanakwane, kubadwa wochepa thupi kwambiri ndi poizoni wa mtovu zimawonjezera chiopsezo. Si ufiti, si tsoka la makolo, ndipo si kulera koipa.

Ndiponso si nkhani yoseka. M'chaka cha 2015 ofufuza a ku Denmark, atatsatira anthu pafupifupi 2 miliyoni, anapeza kuti amene ali ndi ADHD amafa msanga kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anzawo, makamaka chifukwa cha ngozi. Kupatula apo pali ntchito zotha, ngongole zosabwezedwa, mabanja osweka, ndi mankhwala a chifuwa chachikulu kapena ma ARV oiwalika pawindo.

CHIFUKWA CHAKE DOKOTALA SAMALIZA SUKULU

Katswiri amene anatsiriza maphunziro ake zaka makumi atatu zapitazo anaphunzitsidwa kuti ADHD ndi ya ana. Munthu wa zaka 40 akafika kwa iye akudandaula za kuiwala ndi kulephera ntchito, iye angathe kumuuza kuti ndi nkhawa chabe, n'kumupatsa chithandizo chosagwirizana ndi gwero la vutolo. Madzi odikha amachita ndere, ndipo nzeru za kuchipatala nazo zimakalamba zikapanda kuwonjezeredwa.

Pofuna kupewa zimenezi, maiko ambiri anaika lamulo la maphunziro opitiriza a pantchito. M'madera ambiri a ku America chiphaso cha katswiri wa za maganizo chimakhala ndi malire a nthawi, ndipo sachikonzanso pokhapokha mwini wake atasonyeza umboni wakuti waphunzira zatsopano. Ku California, mwachitsanzo, amafunika maola 36 pa zaka ziwiri zilizonse. Bungwe la American Psychological Association limavomereza magulu opereka maphunzirowa, ndipo ambiri amaphunzira ali kunyumba kudzera pa intaneti. Kuno ku Malawi mabungwe a Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi nawonso amafuna kuti madokotala ndi anamwino aziwonjezera maphunziro ali pantchito. Choncho odwala akamva kuti anamwino apita ku maphunziro kuboma, adziwe kuti ulendowo ndi wopindulira iwo omwe.

ZIMENE AKUPHUNZIRA

Phunziro loyamba ndi la kuyeza mofatsa. Palibe kuyeza magazi kapena kujambula mutu kumene kungasonyeze ADHD. Katswiri amadalira kufunsa ndi kumvetsera. Pali zizindikiro 9 za kusaika maganizo pamodzi ndi zina 9 za kutakataka ndi kupupuluma. Kwa munthu wa zaka 17 kapena kuposerapo, pamafunika zizindikiro zisanu za gulu limodzi zimene zakhalapo kwa miyezi isanu ndi umodzi. Zina mwa izo ziyenera kukhala kuti zinayamba iye asanakwanitse zaka 12, zizioneka m'malo awiri kapena kuposa, monga kunyumba ndi kuntchito, ndipo zikhale zikusokonezadi moyo wake. N'chifukwa chake katswiri wabwino amapempha kulankhula ndi mayi, malume kapena mkulu wake wa wodwalayo amene anamuona akukula. Palinso pepala la mafunso 18 limene linakonzedwa mogwirizana ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO; limathandiza kusefa, koma silipereka yankho lotsiriza.

Phunziro lachiwiri ndi la kusiyanitsa. Munthu aliyense amaiwala, ndipo si woiwala aliyense amene ali ndi ADHD. Kusowa tulo, njala, kuchepa kwa magazi, matenda a chithokomiro, khunyu, kukhumudwa, nkhawa, kachasu ndi chamba zonse zimabalalitsa maganizo. Munthu amene anali wokhazikika moyo wake wonse n'kuyamba kuiwala mwadzidzidzi atakula ali ndi vuto lina, ndipo ayenera kuyezedwa msanga. Akatswiri akuphunziranso kuti akazi ambiri anaphonyedwa ali ana, pakuti mtsikana wotere kawirikawiri sasokosa m'kalasi. Amangokhala duu, maganizo ali kutali, aphunzitsi n'kumamuyesa wogona.

Phunziro lachitatu ndi la chithandizo. Mankhwala monga methylphenidate, lisdexamfetamine ndi atomoxetine amathandiza akuluakulu ambiri, koma angathe kuchepetsa chilakolako cha chakudya, kusowetsa tulo ndi kukweza kuthamanga kwa magazi. Awiri oyambawo ali pansi pa malamulo okhwima chifukwa ena amawagwiritsa ntchito molakwika. Pambali pa mankhwala pali uphungu wophunzitsa munthu kugawa ntchito yaikulu m'tizigawo ting'onoting'ono, kusunga nthawi, ndi kuleka kudziona ngati wachabechabe.

CHITHANDIZO CHA PA FONI

Nkhani yatsopano kwambiri m'maphunzirowa ndi ya mapulogalamu a pa foni amene amapangidwa kuti achize, osati kusangalatsa chabe. M'chaka cha 2017 bungwe la FDA, lomwe limayang'anira mankhwala ku America, linaloleza pulogalamu yotchedwa reSET yothandiza anthu okodwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. M'mwezi wa June 2020 linaloleza EndeavorRx, masewero a pa foni a ana a zaka 8 mpaka 12 amene ali ndi ADHD, ndipo m'chaka cha 2024 linalolezanso mtundu wake wa akuluakulu. Ku Germany, kuyambira 2020, dokotala angathe kulembera wodwala pulogalamu yovomerezeka monga momwe amalembera mapiritsi, inshuwalansi n'kulipira. Ku Britain bungwe la NICE linavomereza m'chaka cha 2022 pulogalamu ya Sleepio ya anthu osowa tulo.

Komatu chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo akatswiri akuphunzitsidwa kung'amba nkhuyuyo asanaipereke kwa odwala. Poyesa EndeavorRx, ana 348 anagawidwa m'magulu awiri, ndipo ankasewera mphindi 25 patsiku, masiku asanu pa sabata, kwa milungu inayi. Amene anapatsidwa masewero enieniwo anakhoza bwino pa mayeso a kutchera maganizo a pa kompyuta, koma pa zimene makolo ankaona kunyumba magulu awiriwo sanasiyane kwenikweni. Choncho pulogalamu yotere ndi yowonjezera pa chithandizo china, si yolowa m'malo mwake. Kampani imene inapanga reSET inagwa m'chaka cha 2023, zimene zinasonyeza kuti chithandizo chodalira malonda chingathe kuzimiririka wodwala akuchifunabe.

Palinso ngozi zina. Mapulogalamu a zaumoyo wa m'maganizo alipo zikwizikwi, koma oyesedwa bwino ndi ochepa, ndipo ena amatolera zinsinsi za odwala n'kuzipereka kwa amalonda. Ofufuza a ku Canada m'chaka cha 2022 anaunika makanema 100 otchuka kwambiri a pa TikTok onena za ADHD, n'kupeza kuti oposa theka anali osokeretsa. M'chaka cha 2024 boma la America linamanga akuluakulu a kampani ina yopereka chithandizo pa intaneti powaganizira kuti ankagawa mankhwala a ADHD popanda kuyeza odwala mokwanira. Katswiri wophunzira bwino amafunsa mafunso anayi asanalangize wodwala: Kodi pulogalamuyi inayesedwa? Anaiyesa ndani, ndipo pa anthu otani? Zinsinsi za wodwala zikupita kuti? Wodwala akafika poganiza zodzipha, ndani adzamuyankha?

KUNO KWATHU

Mapulogalamu ambiri otere ali m'Chingerezi, amafuna foni yamakono, magetsi ndi ndalama za intaneti, zinthu zimene mabanja ambiri a kumudzi alibe. Komabe luso la foni lafika kale m'njira zina. Bungwe la WHO linayambitsa ndondomeko ya mhGAP m'chaka cha 2008 pofuna kuphunzitsa anamwino ndi madokotala a m'zipatala zing'onozing'ono kuzindikira matenda a m'maganizo, ndipo buku lake likupezekanso pa foni. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench m'chaka cha 2006, kuphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu atakhala pa benchi kunja kwa chipatala. Njirayi yayesedwanso ku Malawi, ndipo uphungu wina umaperekedwa pa foni. Odwala ofunika akatswiri amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo m'zipatala za m'maboma muli ogwira ntchito ophunzira za matenda a m'maganizo.

Munthu amene akudzikayikira ayambire ku chipatala chapafupi, atatenga wachibale amene anamudziwa kuyambira ubwana, ndipo afotokoze zonse mosabisa, ngakhale za mowa ndi fodya. Asagule mapiritsi a ubongo pamsika kapena kumwa a mnzake, ndipo asadzipatse yekha dzina la matenda chifukwa cha kanema wa pa foni. Safunsa anadya phula.

Podikira chithandizo pali zambiri zimene banja lingachite popanda ndalama. Makiyi, buku la kuchipatala ndi ndalama zikhale ndi malo amodzi osasintha. Ntchito za tsiku zilembedwe pa pepala, zitatu zokha, ndipo yachiwiri isayambike yoyamba isanathe. Belu la pa foni, ngakhale foni yaing'ono ya mabatani, lingathe kukumbutsa nthawi ya mankhwala ndi tsiku la sikelo. Ndalama za fetereza zisungidwe ndi munthu wodalirika kapena ku banki mkhonde, kuti zisathe ndi kugula kopupuluma. Kugona mokwanira, kugwira ntchito yolimbitsa thupi ndi kupewa mowa zimathandizanso, ndipo ntchito imayenda bwino munthuyo akamaigwira limodzi ndi mnzake kusiyana ndi payekha.

Achibale nawo ali ndi gawo lawo. Mawu akuti waulesi ndi chitsiru sanachizepo munthu, koma amamukankhira ku mowa ndi ku kutaya mtima. Anthu ambiri a vutoli ndi a khama, a nzeru zothamanga ndi osaopa kuyamba zatsopano, ndipo akapeza wowamvetsa amasamala mabanja awo bwino lomwe. Kholo limene lazindikira zizindikirozi mwa ilo lokha liyang'anenso ana ake, pakuti mwana wothandizidwa ali ku pulayimale sadzadikira zaka 40 kuti adziwe dzina la vuto lake.