Mpira wa miyendo m'boma la Lago: unachokera kuti, nanga walowera kuti?

Chimanga chikalowa m'nkhokwe ndipo mvula ikatha, mabwalo a ku Metangula, Messumba ndi Cóbuè amadzaza anthu madzulo. Masewerowa ali ndi mbiri yaitali m'mbali mwa nyanja muno, ndipo mbiriyo ikufotokoza chifukwa chake mnyamata wa ku Lago amavutika kufika patali ngakhale ali ndi luso.

Kuno mpira unayenda ndi sukulu. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anakhazikika pa chilumba cha Likoma mu 1885, kenaka anatsegula masukulu m'midzi ya kugombe lino, kuphatikizapo mishoni ya Messumba. Ena mwa aphunzitsi ndi ansembe oyamba anakaphunzira ku Kiungani, ku Zanzibar, kumene ana a sukulu ankasewera kale mpira zaka za m'ma 1800 zisanathe. Kumene mpira wachikopa unalibe, ana ankamanga wachikulunga, monga akuchitirabe lero.

Pa nthawi ya Apwitikizi, matimu akuluakulu anali m'mizinda yakutali ngati Lourenço Marques, yomwe lero ndi Maputo, ndi Beira. Osewera aluso ankatengedwa kupita ku Portugal. Mário Coluna ndi Eusébio anatchuka ku Benfica, ndipo Eusébio anagoletsa zigoli 9 pa Chikho cha Dziko Lonse cha 1966 atavala yunifomu ya Portugal. Pamene dziko lapansi linkamuwombera m'manja, kuno kunali nkhondo yomenyera ufulu, yomwe inayamba mu September 1964. Mabanja ambiri a ku Lago anathawira ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania, ndipo masukulu ndi mabwalo anasiyidwa.

Ufulu utabwera pa 25 June 1975, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno linakhazikitsidwa mu 1976, ndipo ligi yoyamba ya dziko lonse inatengedwa ndi Textáfrica ya ku Chimoio. Koma nkhondo ya pachiweniweni inatsekanso misewu ya Niassa mpaka pangano la mtendere la ku Rome pa 4 October 1992. Timu singalimbe ngati ilibe njira yopitira kukakumana ndi anzake.

M'zaka zonsezi wailesi ndiyo inasunga chikondi cha mpira. Anthu a kunyanja ankamvera masewero a ku Maputo, komanso a Bullets ndi Wanderers pa MBC m'chinenero chawo. N'chifukwa chake banja limodzi limatha kuchemerera Mambas ndi Flames pamodzi. Mu 2010 matimu onse awiriwa anakasewera Chikho cha Africa ku Angola, kumene Malawi inagonjetsa Algeria ndi zigoli 3 kwa 0. Osewera a ku Malawi nawonso akhala akudzasewera kuno, monga John Banda amene anali ku UD Songo ya ku Tete.

Mtendere utakhazikika, Niassa inayamba kuoneka mu ligi yaikulu ya Moçambola. FC Lichinga inasewerako, Desportivo de Niassa inalowa mu 2016, ndipo Ferroviário de Lichinga inatsatira mu 2021. Matimu a dzina la Ferroviário amadalira kampani ya njanji ya CFM, pamene UD Songo ili ndi thandizo la kampani ya magetsi ya Cahora Bassa. Apa ndiye pagona nkhani: ligi ya dziko lalitali chonchi imafuna ndalama zambiri za maulendo, ndipo timu yopanda kampani kumbuyo kwake imatopa msanga.

Kuti timu ifike mu Moçambola, imayenera kupambana mu mpikisano wa chigawo, kenaka n'kukalimbana ndi matimu a ku Nampula ndi Cabo Delgado. Kuchokera ku Metangula kupita ku Lichinga pali makilomita opitirira 100, ndipo wa ku Cóbuè ulendo wake ndi wotalika kuposa pamenepo. Timu ya alimi ndi asodzi a usipa imasonkha yokha ndalama ya galimoto, nsapato ndi chakudya.

Choncho makolo ndi mafumu ali ndi gawo lawo. Bwalo la m'mudzi lisagawidwe kukhala minda kapena malo omangapo nyumba. Mwana akhale ndi chikalata cha kubadwa, chifukwa popanda icho kulembetsa mu mpikisano wovomerezeka kumavuta. Ndipo asasiye sukulu, pakuti masewero a masukulu ndi amene amatengera ana a kumudzi ku Lichinga kumene aphunzitsi a matimu angawaone.