Kuwerenga mizere ya fayilo yaikulu mu R kompyuta osauma

Tsiku lina ndinalandira fayilo ya CSV yokhala ndi manambala a mvula, yokula pafupifupi 6 GB. Ndinkangofuna kudziwa chinthu chimodzi basi: muli mizere ingati? Excel sikanathandiza, chifukwa tsamba lake limathera pa mizere 1,048,576. Ndiye ndinatsegula R, pulogalamu yosanthulira ziwerengero imene anayambitsa Ross Ihaka ndi Robert Gentleman ku Auckland, New Zealand, n'kulemba kuti:

length(readLines("mvula.csv"))

Laputopu yanga, ya RAM ya 4 GB, inangouma gwa! Ndinachita kuizimitsa pa batani, ndipo ntchito ina imene ndinali ndisanasunge inapita.

Wolakwa ndinali ine. Lamulo la readLines limanyamula fayilo yonse n'kuiika mu RAM, malo amene kompyuta imasungamo zomwe ikugwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Zili ngati ukufuna kudziwa kuti m'nkhokwe muli ndowa zingati za chimanga, iwe n'kuyesa kusenza nkhokwe yonse pamutu. Agogo satero. Amadzaza ndowa imodzi, kukhuthula, kuika kamwala pambali, n'kudzazanso ina. Pomaliza amangowerenga timiyala.

R nayonso imatha kutero:

f <- file("mvula.csv", "r")
n <- 0
while (length(x <- readLines(f, 50000)) > 0) n <- n + length(x)
close(f)

Apa ndowa yathu ndi mizere 50,000. R imawerenga mizere imeneyo, kuwonjezera chiwerengero chake pa n, kenako kutenga yotsatira, kuyambira pomwe inalekezera. Mu x mumangokhala ndowa imodzi nthawi iliyonse, choncho RAM sidzaza. Fayilo ikatha, n ndiye yankho lanu. Musaiwale close(f).

Amene muli pa Linux kapena Mac muli ndi njira yachidule, imene ineyo ndimaikonda chifukwa imathamanga kwambiri: system("wc -l mvula.csv"). Apa R imangotuma kapulogalamu kena kotchedwa wc kuti kagwire ntchitoyo.

Koma samalani, anzanga. Chimene wc -l imawerenga ndi chizindikiro chosaoneka chimene chimalowa mukadina Enter. Ngati mzere womaliza ulibe chizindikirocho, yankho lipelewera ndi umodzi. Komanso njira zonse ziwirizi zimawerengera limodzi mzere woyamba uja wa mitu, monga "tsiku" ndi "mvula". Ngati mukufuna mizere ya manambala yokhayokha, chotsanipo 1.