Kodi mumadziwa? Ngolo yoimikidwa nayo imayenda

Kodi mumadziwa kuti pali gudumu lomwe silinapondepo msewu chipangidwire? Mukadzaima pa Chiweta n'kumaonerera mathiraki a malasha a ku Mchenga kapena matankala ochokera ku Dar es Salaam, dzayang'aneni pamene mutu wa thiraki, umene madalaivala amautcha hosi, ukulumikizana ndi ngolo yake. Pali chitsulo chophwatalala ngati chiwaya, chothimbirira ndi girisi. Dzina lake ndi fifth wheel, gudumu lachisanu, ndipo linachokera ku ngolo za akavalo za magudumu anayi, zomwe zinali ndi chitsulo chozungulira kutsogolo chozithandiza kukhota.

Kodi mumadziwa kuti chimangolo chonsecho chimakokedwa ndi chipini chonenepa mamilimita 50.8 okha, mainchesi 2? Dzanja la mwana likhoza kuchifumbata. Ngolo zamtunduwu anazitchukitsa ndi August Fruehauf, wosula zitsulo wa ku Detroit, yemwe mu 1914 anapanga yoyamba kuti munthu wina anyamulirepo bwato.

Kodi mumadziwa kuti ku America chitsulo chomwechi amachimangirira kumbuyo kwa pikapu n'kumakoka nyumba yathunthu, ya bedi, khitchini ndi bafa? Kwathu kuno zoterezi n'zosowa, ndipo msewu wa Gorodi, wokwera kuchokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia, ndi makona ake 20 opindika ngati mbedza aja, sungazilandire n'komwe. Alendo okagona ku Chelinda pa Nyika kapena m'mbali mwa nyanja ya Kazuni ku Vwaza amabwera ndi timangolo tating'ono kapena matenti a padenga la galimoto. Koma dandaulo lawo ndi limodzi ndi la ku America: wina akangotembenuka pabedi usiku, nyumba yonse imagwedera.

Chimaigwedeza n'chiyani? Ngolo imakhala pa zinthu ziwiri zofewa, mpweya wa m'matayala ndi masipuling'i, zomwe ntchito yake n'kunjanja kuti mabampu asakuthyoleni msana. Mukaima, izo sizidziwa kuti ulendo watha. Ndiye ngolo imadumphadumpha, imapendekera uku ndi uku, komanso imasuntha pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo. Kugwedera kulikonse kuli ndi mankhwala ake, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Majeki a m'makona amachepetsa kudumpha, koma matayala sawaletsa kugudubuka. Matayala amafuna chowatsekera kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ngolo ya matayala awiri otsatizana ili ndi chida chake chooneka ngati X, chomwe amachilowetsa pakati pa matayalawo n'kuchimanga kuti aziletsana okha. Mphuno ya ngolo, yomwe imalendewera pamwamba pa pikapu poyenda, amaichirikiza ndi chitsulo cha miyendo itatu, ngati mafuwa.

Kodi mumadziwa kuti jeki ikatalika imafooka? Mwendo wotambasulidwa mpaka kumapeto umaweyeseka ngati bango. Sanjani matabwa pansi kuti utuluke pang'ono chabe. Thabwa lomwelo limauletsa kumira mumchenga wa ku Chitimba kapena m'dothi lonyowa la pa Nyika nthawi ya dzinja. Ndipo majeki a m'makonawa si onyamulira ngolo. Mukafuna kuiwongola pamalo opendekeka, kwezani tayala pa thabwa poyamba, majeki abwere pambuyo. Mukawakakamiza, chitseko n'chomwe chimayamba kukana kutseka, chifukwa thupi la ngolo lapotoka.

Kodi mumadziwa kuti firiji ya gasi imadana ndi malo opendekeka? Madzi oziziritsa a m'mapaipi ake amatsika okha popanda pampu, choncho ikapendama kwa nthawi yaitali imaleka kuziziritsa, mwinanso kuwonongekeratu.

Kodi mumadziwa kuti pankhani ya mabuleki, ngolo ya malasha imaposa nyumba yokoka ya mamiliyoni? Ngolo zambiri za mathiraki amasiku ano zili ndi masipuling'i amphamvu m'mabuleki mwake. Mpweya ndi umene umawatsegula, ndipo mpweyawo ukatha amagwira okha. Ngolo zambiri zogonamo za ku America zili ndi mabuleki amagetsi, omwe mukangomasula pikapu sagwiranso kanthu. N'chifukwa chake potsitsa ngolo yotereyi mumayamba kutsekera matayala, kenako kutsitsa miyendo yakutsogolo, kumasula pini kumapeto.

Nanga mwala? Wothandizira dalaivala uja amadumpha thiraki ikafa pachitunda, n'kuthamangira kukatola mwala, umene anzathu a ku Rumphi amati libwe, akuchita zomwe amachita wa ku America ndi chida chake chogula m'sitolo. Ine ndimati mwala wake ndi wanzeru ndithu, bola ukhale wophwatalala pansi, waukulu bwino, ndipo ukhale mbali yakumunsi kwa tayala. Woburungira umathawa, wofumbutuka umasweka. Chomwe sindigwirizana nacho n'chizolowezi chousiya pomwepo thiraki ikalira, limodzi ndi masamba aja amayala mumsewu pochenjeza anzawo. Usiku, pakona la Chiweta, amene amaupeza mwalawo ndi wa njinga yamoto.