Mawu amene kompyuta siwafuna, tiwalemberenji?

Wophunzira za makompyuta pa Copperbelt University ku Kitwe kapena m'makoleji a ku Ndola akayamba Java, chilankhulo cha mapulogalamu chomwe kampani ya Sun Microsystems idatulutsa mu 1995, sachedwa kukumana ndi chinthu chotchedwa interface. Ili ngati pangano lolembedwa: imatchula ntchito zimene gawo la pulogalamu lalonjeza kugwira, koma sinena kagwiridwe kake. Ambiri amazolowera kuyamba mzere uliwonse wa panganoli ndi mawu akuti public abstract, ndipo chizolowezi chimenechi nchoyenera kuchisiya. Mu interface, ntchito yongotchulidwa dzina imakhala kale yoonekera kwa onse (public) ndiponso yopanda zamkati (abstract), ulembe usalembe. Buku la malamulo a Java limalola mawuwa, komabe limalangiza kuti asalembedwe.

Wina anganene kuti nkhaniyi njachabe, pakuti pulogalamu imayenda chimodzimodzi. Nzoona, koma amene amakonza pulogalamu ikalakwika ndi munthu, ndipo maso a munthu amatopa. DHIS2, yomwe Unduna wa Zaumoyo ku Zambia umasonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala, idalembedwa kwambiri mu Java motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo. Mapulogalamu aakulu chonchi amadutsa m'manja mwa anthu ochuluka osadziwana, kwa zaka zambiri. Komanso interface ya lero si ya kale ija. Java 8 ya mu 2014 idalola ntchito za default ndi static kukhala ndi zamkati mmenemo, Java 9 ya mu 2017 nkuwonjezera za private. Mawu atatu amenewa amasinthadi tanthauzo, ndipo amaonekera msanga ngati mizere yoyandikana nayo ilibe mawu ongodzaza malo.

Chodandaula champhamvu ndi cha aphunzitsi: kodi kulemba zonse sikuthandiza ongoyamba kumene? Ayi, kumawabisira phunziro. Mu class, gawo wamba la pulogalamu ya Java, ukasiya public, ntchitoyo imaonekera mu package yake yokha, lomwe ndi gulu la ma class oikidwa pamodzi. Mu interface sizitero. Wolemba mawuwo paliponse sadzazindikira kusiyana kumeneku. Zimaipiratu anthu akamalemba pagulu, wina nkumaika public, mnzake osaika: wowerenga amataya nthawi kufufuza kusiyana komwe kulibe. Nchifukwa chake chida choyendera kalembedwe chotchedwa Checkstyle chili ndi lamulo la RedundantModifier, lomwe limaloza mawu oterewa. Mphunzitsi angathe kuuza ophunzira kuti adutsitse ntchito yawo m'chidachi asanaipereke.