KULANDA CUMA CA AMASIYE KUKUPWETEKA ANA KU MARAPODI

M'komboni ya Marapodi, kumpoto kwa mzinda wa Lusaka pafupi ndi Mandevu ndi Chaisa, imfa ya bambo wa pabanja kawirikawiri imaliritsa kawiri. Anthu akangobwerako ku manda a Chingwere, abale ena a malemu ocokera kumudzi amayamba kuwerenga mipando, wailesi, makina osokera ndi malata a nyumba, mai wamasiye akali kulira pamphasa.

Cizolowezi cimeneci cinacokera kutali. Pakati pa Acewa ndi Ansenga mwana ndi wa kwa amai ace, ndipo cuma ca mwamuna cinali kupita kwa abale ace ndi kwa ana a alongo ace. Koma kumudzi mwamunayo anali mkamwini. Iye atamwalira, mkazi anali kutsala pamudzi wa makolo ace, munda ndi nkhokwe zili m'manja mwace.

M'tauni zinthu nzosiyana. Nyumba ya m'komboni imamangidwa ndi anthu awiri: njerwa zina zimagulidwa ndi malipiro a bambo, zina ndi ndalama zimene mai amapeza pogulitsa tomato ndi makala pamsika. Abale akalanda nyumbayo, ana alibe munda wothawirako, ndipo ena amalekera sukulu panjira.

M'caka ca 1989 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Intestate Succession Act. Mwamuna akamwalira osalemba wilo, pa K100 iliyonse ya cuma cace ana amalandira K50, mkazi K20, makolo K20, ndipo ena amene anali kudalira malemu K10. Nyumba ndi ziwiya zace ndi za mkazi ndi ana, ndipo mkaziyo akhala momwemo kufikira atamwalira kapena atakwatiwanso. Lamuloli silikhudza malo a mafumu kumudzi.

M'bale amene wasankhidwa ku khoti ya Local Court kuti ayang'anire cumaco ndi wogawa cabe, si mwini wace. Wamasiye amene walandidwa katundu angathe kukadandaula ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit.

Komabe lamulo palokha silithetsa cizolowezi. Bambo alembe wilo akali moyo ndi kuuza abale ace poyera kuti nyumba ndi ya ana. Ndipo amene akwera basi ku Petauke, Katete kapena Chipata kupita kumaliro anyamule ufa ndi mau a citonthozo, osati matumba opanda kanthu. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe; nanga kuli bwanji mwana wa m'bale wako?