Jeke kapena rampu? Fizikisi ya pansi pa galimoto

Loweruka lina mu February, mvula itagwa usiku wonse, aneba anga omwe amapikula mbatata ya kachewere ku Tsangano n'kumakagulitsa ku Balaka anaganiza zosintha okha oyilo wa Probox yawo. Anati kugalaja akudula, pomwe ntchito yake njosavuta: kumasula bawuti imodzi pansi pa injini kuti oyilo wakale atuluke. Anaika jeke pabwalo, n'kupukusa mpaka mbali imodzi ya kutsogolo inakwera. Kenako anaitana mwana wa mchemwali wawo, mnyamata wa Fomu 2.

"Iwe ndiwe wochepa thupi, talowa pansipo umasule."

Mnyamata analowa chagada. Bawuti inali yolimba, ndiye anakoka sipanala ndi mphamvu zake zonse. Ine ndinali pakhonde ndikuchonga makope, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona jeke ikupendekera, mbali imodzi ikumira m'dothi. Ndinakuwa. Amalume akewo anamukoka miyendo, ndipo asanadzuke n'komwe galimoto inagwa, khu! pamalo pomwe panali chifuwa chake.

Palibe anavulala. Koma tatengani rula. Probox ikaima pa matayala ake, mpata wa pansi pake sukwana masentimita 20, ndipo ikagwa masipuling'i amafinyika, galimoto n'kutsika kuposa pamenepo. Tsopano yezani chifuwa chanu kuchoka kumsana kufika kutsogolo. Dziwaninso kuti galimotoyo imalemera pafupifupi makilogalamu 1,100.

Ambiri mwa inu mulibe galimoto, koma ndinu amene mumatumidwa kulowa pansi. N'chifukwa chake lero tikambirana za zida ziwiri zokwezera galimoto pakhomo: jeke, ndi rampu, kachitunda kachitsulo kapena kamatabwa komwe tayala limakwerapo. Mfundo yanga ndi imodzi: kukweza galimoto ndi kuigwira kuti isagwe ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Makina sapereka zaulere

Pa mutu wa machines tinaphunzira kuti work ndi force kuchulukitsa ndi mtunda. Tiyerekeze kuti kutsogolo kwa galimoto, komwe kuli injini, kukulemera makilogalamu 600. Potenga g ngati 10 N/kg, kulemerako ndi 6,000 N. Kuti tikweze kutsogoloko ndi masentimita 20 pakufunika 6,000 × 0.2, omwe ndi 1,200 J.

Palibe chida chomwe chingachepetse 1,200 J ameneyu. Chomwe makina amachita ndi ngati wagolosale wokulolani kulipira pang'onopang'ono: ngongole ndi yomweyo, koma mumaipereka m'zidutswa zomwe mungakwanitse. Force ikachepa, mtunda umatalika. Rampu ndi jeke zonse zimayendera lamulo limeneli, koma chilichonse m'njira yakeyake.

Rampu: chitunda chaching'ono

Aliyense wa kuno ku Ntcheu amaidziwa inclined plane ngakhale asanalowe m'kalasi. Njira zokwera m'mapiri athu zimakhotakhota chifukwa miyendo imakonda njira yaitali yosatsetsereka kwambiri kusiyana ndi yachidule yoimirira. Anyamata okweza migolo m'lole amatsamiritsa thabwa n'kumaigubuduza.

Tengani rampu yotalika mita imodzi, yokwera masentimita 20. Velocity ratio yake ndi kutalika kugawa ndi kukwera: 1 ÷ 0.2 = 5. Tikaiwala kaye za friction, force yofunika ndi 6,000 ÷ 5 = 1,200 N, ndipo amene amaipereka si inu, ndi injini. Chulukitsani 1,200 N ndi mita imodzi ija, mupeza 1,200 J yemwe uja. Ngongole yalipidwa yonse.

Ubwino weniweni wa rampu umaoneka galimoto ikafika pamwamba. Matayala onse anayi amakhala ataponda chinthu cholimba. Mulibe oyilo woti angadonthe, mulibe chozungulira choti chingamasuke. Phazi la rampu ndi lalitali komanso lotambalala, choncho silipendekera wamba. Ndi nzeru yomweyo yomwe mumaiona pamalo otsukira magalimoto pomwe anamanga zitunda ziwiri za simenti, kapena kugalaja komwe anakumba dzenje loti makaniko aziimamo.

Koma rampu ili ndi malire. Simungachotse tayala lomwe lanyamula galimoto, ndiye pa ntchito ya mabuleki kapena tayala lophulika rampu njopanda ntchito. Imafunanso galimoto yomwe ikulira, ndi woyendetsa wodekha, chifukwa akaponda moto wambiri amapitirira n'kugwera kutsogolo. Pa simenti yosalala rampu imatha kuthawa tayala likaigunda, friction ikachepa. Ndipo rampu yowotcherera mwachisawawa ndi zitsulo zopyapyala ikhoza kupindika popanda chenjezo.

Jeke yopukusa: chitunda chokulunga

Jeke yomwe imabwera ndi galimoto zing'onozing'ono, yooneka ngati sizasi ija, ili ndi bawuti yaitali pakati. Yang'anitsitsani mizere ya bawutiyo. Ndi inclined plane yomwe yakulungidwa pa chitsulo. Dulani pepala kukhala triangle, mulikulunge pa pensulo, muona nokha mizere ya sikuluu ikutuluka.

Pofuna kuphweketsa masamu, tiganizire jeke yomwe bawuti yake imakankha katundu molunjika m'mwamba. Mpata wa pakati pa mizere, womwe timati pitch, ukhale mamilimita 4, ndipo chopukusira chikhale chotalika masentimita 20. Mukazungulitsa kamodzi, dzanja limayenda 2 × 3.14 × 200, omwe ndi mamilimita 1,256, pomwe galimoto yakwera mamilimita 4 okha. Velocity ratio ndi 314. N'chifukwa chake ngakhale mwana wa Fomu 1 amatha kukweza galimoto, kungoti amapukusa mpaka kutuluka thukuta.

Pano pali chinthu chosangalatsa. Mukasiya chopukusira, bwanji galimoto sikankha bawuti kuti ibwerere? Yankho ndi friction. Sikuluu yomwe imadzigwira yokha chonchi imakhala ndi efficiency yosafika 50 peresenti, kutanthauza kuti ntchito yanu yoposa theka imangosanduka kutentha. M'mayeso friction timaiona ngati wakuba, koma pa jeke ndi mlonda.

Vuto la jeke imeneyi ndi kaimidwe. Ikakwera imakhala yaitali, yowonda, yoima pa phazi laling'ono. Inapangidwa kuti ilimbane ndi force yochokera pamwamba, osati yochokera m'mbali. Opanga galimoto anaiika m'buti kuti muzisinthira tayala, basi.

Jeke ya oyilo: nzeru za Pascal

Madalaivala a minibasi ndi malole pa msewu wa M1 amakonda jeke yooneka ngati botolo, yopopa ndi kampini. Imayendera mfundo ya Blaise Pascal, katswiri wa ku France yemwe anabadwa mu 1623 n'kumwalira mu 1662: ukafinya zamadzimadzi zomwe zatsekeredwa, pressure imafalikira mofanana mbali zonse. Mu 1795 Joseph Bramah wa ku England anagwiritsa ntchito mfundoyi popanga makina ofinyira zinthu, ndipo jeke ya lero ndi mdzukulu wa makina amenewo.

M'kati muli mapisitoni awiri. Tinene kuti yaing'ono ili ndi area ya 2 cm², yaikulu 20 cm². Force ichuluka ka 10. Kampini kaja nakonso ndi lever, tinene kuti kakuchulukitsa ka 10. Zonse pamodzi ndi ka 100. Ngodya imodzi ya kutsogolo kwa galimoto yathu ija ndi 3,000 N, choncho dzanja lingofunika 30 N, kulemera kwa mapaketi atatu a shuga a kilogalamu imodziimodzi. Malipiro ake? Kuti galimoto ikwere masentimita 10, dzanja liyenera kuyenda mamita 10 popopa.

Tsono funso nali: mukasiya kupopa, n'chiyani chikugwira galimoto? Ndi oyilo wotsekeredwa ndi kavalavu kakang'ono ndi timphira. Mphira ukatha, kapena kamchenga kakalowa pa valavu, oyilo amayamba kubwerera ndipo galimoto imatsika, nthawi zina pang'onopang'ono moti simuzindikira. Wina akangopotoza pang'ono kabawuti kotsitsira, imatsika nthawi yomweyo. Kodi mungagoneke chifuwa chanu pansi pa tani yathunthu podalira kamphira kochepa ngati mphete?

Chinalakwika n'chiyani Loweruka lija?

Jeke ya aneba anga sinathyoke. Zinthu zitatu zinagwirizana, ndipo zonse zili m'makope anu.

Choyamba, pressure. Phazi la jeke la masentimita 10 mbali zonse lili ndi area ya 0.01 m². Gawani 3,000 N ndi 0.01, mupeza 300,000 Pa. Munthu wa makilogalamu 60 woima pa mapazi awiri a area ya 0.03 m² amapanikiza dothi ndi 20,000 Pa okha, komabe m'dzinja amasiya mapazi pabwalo. Jeke imapanikiza kuposa pamenepo ka 15. Pansi pakanakhala thabwa lochindikala la masentimita 30 mbali zonse, pressure ikanatsika kufika cha pa 33,000 Pa.

Chachiwiri, kutsetsereka. Mabwalo ambiri kuno si athyathyathya. Ngati bwalo likutsika mita imodzi pa mamita 20 aliwonse, maso amati palibe vuto, koma galimoto ya 11,000 N ikukokedwera kumunsi ndi 11,000 ÷ 20 = 550 N. Zili ngati mnzanu wa makilogalamu 55 akuikoka ndi thupi lake lonse osapuma. Kondakitala yemwe amathamangira kuika mwala kumbuyo kwa tayala minibasi ikaima pachitunda amaidziwa bwino force imeneyi. Kumbukiraninso kuti pa galimoto zambiri handibuleki imagwira matayala a kumbuyo okha. Mukakweza kumbuyo, mwachotsa pansi matayala omwe amagwira galimoto.

Chachitatu, sipanala. Pomwe mnyamata amakoka bawuti, force yake inkadutsa m'galimoto n'kuigwedeza cham'mbali, mbali yomwe jeke ilibe mphamvu. Ndi chifukwa chomwecho manati a tayala timayamba kuwafewetsa galimoto isanakwezedwe. Nati wa tayala la galimoto yaing'ono amamangidwa ndi moment ya pafupifupi 100 N m. Pa sipanala ya masentimita 25, pamafunika 400 N. Force yotere ndi yokwanira kugwetsa galimoto yomwe yaima pa jeke.

Nanga njerwa?

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, ife timasanja njerwa." Ayi ndithu. Njerwa imalimba m'khoma chifukwa matope kapena simenti zimagawa kulemera pa nkhope yake yonse. Pansi pa galimoto, chitsulo chimaikhudza pa kamalo kakang'ono, pressure n'kukwera kwambiri. Ndipo njerwa ndi brittle: sipindika, sichenjeza, imangosweka. Mabuloko a simenti okhala ndi mabowo ndiye oopsa kuposa.

Chida choyenera ndi masitandi achitsulo, omwe amakaniko amati ma axle stand. Ali ndi miyendo yotambalala ndipo amakhomedwa ndi chitsulo chopingasa, osati oyilo. Mumakweza ndi jeke, kuika sitandi pamalo olimba a galimoto, kenako kutsitsa pang'ono kuti kulemera kukhale pa sitandi. Komwe masitandi kulibe, chipika chachifupi, chotambalala, cha mtengo wolimba wosafumbwa, chodulidwa mosalala mbali zonse ziwiri, chiposa njerwa kutali.

Ndiye tisankhe chiti?

Funsani funso limodzi: kodi tayala lichoka?

Ngati silichoka, monga posintha oyilo kapena poona ekizozi, rampu ndiye yabwino. Ikhale pamalo athyathyathya ndi olimba, yotambalala kuposa tayala, yokhala ndi chotchinga kumapeto. Wolondolera woyendetsa aime cham'mbali, osati kutsogolo. Galimoto ikakwera, zimitsani injini, kokani handibuleki, ikani m'giya, ndipo tchingani matayala omwe ali pansi.

Ngati tayala lichoka, palibe kuchitira mwina, pakufunika jeke. Ikani thabwa pansi pake. Mutu wake ukhale pamalo omwe opanga galimoto anasonyeza, omwe pa galimoto zing'onozing'ono amakhala m'mphepete mwa pansi, kumbuyo kwa tayala la kutsogolo ndi kutsogolo kwa tayala la kumbuyo. Tchingani tayala la pangodya yopingasana ndi lomwe mukukweza. Tayala lomwe mwachotsa ligonekeni pansi pa m'mphepete mwa galimoto, kuti jeke ikalephera galimoto igwere pamenepo.

Ndipo ngati mutu, mkono kapena chifuwa cha munthu chilowa pansi, jeke yokha sikwanira, kaya ndi yatsopano kaya ndi ya matani angati. Pakhale masitandi, ndipo musanalowe igwedezeni galimotoyo muli panja. Ngati n'kugwa, igwe muli chiimire.

Chovuta kwambiri si masamu

Ndikudziwa kuti kukana mawu a bambo kapena amalume si chinthu chapafupi. Koma akuluakulu omwewo ndi amene amati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Simukuyenera kuchita mwano. Nenani kuti, "Amalume, ndilowa, koma tiyambe tachirikiza kaye. Ndikatenge thabwa ndi chipika." Ndi ntchito ya mphindi zisanu. Aneba anga aja anakakhomeretsa rampu ya matabwa ochindikala osanjikiza kwa kalipentala, ndipo masiku ano ndi iwo amene amakalipira anzawo akaona njerwa pansi pa galimoto.

Yesani izi

Pezani masirinji awiri atsopano opanda singano, waung'ono ndi wamkulu, muwalumikize ndi kapaipi kapulasitiki, mudzazemo madzi popanda kusiya mpweya. Kankhani waung'ono mnzanu atagwira wamkulu, kenako musinthane. Ndani akuvutika? Ndi pisitoni iti ikuyenda mtunda wautali? Mukatero, masulani kapaipi pang'ono kuti madzi azidontha mukukankha, muone zomwe zimachitikira jeke ya mphira wakutha.

Nali funso loti mubwere nalo Lolemba. Minibasi ikupanikiza jeke ndi 5,000 N. Dothi la pamalopo limayamba kumira pressure ikapitirira 50,000 Pa. Kodi thabwa loika pansi pa jeke likhale ndi area yosachepera bwanji? Onetsani njira yonse, ndipo musaiwale ma unit.